Chifukwa chake nthaka ya ku Karonga imagwedezeka kawirikawiri

Mayi, mwafunsa kuti chivomerezi chimachokera kuti, komanso ngati uthenga womwe ukuzungulira pa WhatsApp woti china chachikulu chibwera sabata yamawa ndi woona. Ndiyambe ndi choyambacho.

Dziko lomwe tikupondali si thanthwe limodzi. Khungwa lake ndi logawikana m'zidutswa zikuluzikulu zomwe asayansi amati ma plate, ndipo zidutswazi zimayenda pang'onopang'ono pamwamba pa miyala yotentha ya pansi. Kuno kwathu Africa ikung'ambika, mbali ya kum'mawa ikutalikirana ndi inzake mamilimita ochepa chabe pachaka. Mng'aluwu ukuchokera ku Ethiopia mpaka ku Mozambique, ndipo nyanja ya Malawi yakhala m'kati mwake mwenimweni. N'chifukwa chake ndi yozama chonchija, malo ena pafupifupi mamita 700. Mukamatsika phiri la Chiweta basi ikulira mabuleki, dziwani kuti mukutsika khoma la mng'aluwo. Akasupe a madzi otentha a ku Chiweta ndi ku Nkhotakota nawonso ndi mboni.

Tsono pamene pali mng'alu miyala siitsetsereka mofewa ayi. Imagwirana, kwinaku ikukokedwa, kwa zaka mazanamazana. Tengani nkhuni youma muyipinde pabondo: poyamba imalimba, kenako thyo! manja onse kunjenjemera. Ndi momwenso zimakhalira pansi apo. Miyala ikasiyana mwadzidzidzi, mphamvu yonse ija imatuluka ngati mafunde oyenda m'nthaka. Amafika koyamba ndi mafunde othamanga, aja mumamva ngati chilole chadutsa kuseri kwa nyumba. Otsatira ndiwo amagwedeza m'mbali, mbale kumagundana m'kabati, malata kumalira, madzi kumatayika m'ndowa.

Manambala oyezera kukula kwa chivomerezi aja amalengeza pawailesi amasokoneza ambiri. Chivomerezi cha 7 sichiposa cha 6 pang'ono chabe, mphamvu yake ndi yochuluka pafupifupi ka 32. Chomwe chidagwetsa nyumba ku Salima pa 10 Malichi 1989 chidali choposa 6 pang'ono. Cha ku Machaze ku Mozambique mu Febuluwale 2006 chidafika 7, chidamveka mpaka ku Harare ndi ku Maputo. Ku Karonga mu Disembala 2009 zidabwera zotsatizana kwa masabata, chachikulu chidali cha 6, anthu nkumagona panja m'nyengo ya mvula poopa makoma. Kugwedeza kotsatirako ndi miyala ikufunafuna pokhazikika.

Za uthenga wa pa WhatsApp uja, musauwope ndipo musautumize kwa ena. Makina otchedwa seismometer amalemba kugwedeza kukangochitika, ndipo akatswiri a Geological Survey, nthambi ya boma yofufuza za miyala ndi nthaka ku Zomba, amadziwa madera omwe ali pangozi. Koma tsiku ndi ola palibe angakuuzeni, ngakhale ku Japan komwe kuli makina apamwamba zedi.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi kamangidwe kathu. Njerwa zomangira dothi, khoma lalitali lopyapyala, popanda ring beam yomanga makoma onse pamodzi, nyumba yotereyi siichedwa kugwa. Ngati mukumanga kufupi ndi nyanja, musamumane mmisiri simenti ndi zitsulo za bimu. Ndipo chivomerezi chikakupezani m'nyumba, khalani pansi, mulowe kunsi kwa tebulo lolimba mutaphimba mutu. Chikasiya tulukani ndi ana, mukaime pabwalo kutali ndi makoma ndi mawaya a magetsi.