Ufa wakuda wa m'mabatire ndi patenti ya ku America: yankho kwa mphunzitsi wa ku Mangochi

Bambo aphunzitsi,

Kalata yanu ndailandira. Mwafotokoza kuti mumaphunzitsa sayansi pa sekondale ina cha ku Monkey Bay, ndipo kwa nthawi yaitali mwakhala mukutolera mabatire a tochi otha moto, kuchotsamo ufa wakuda uja wa manganese dioxide, n'kuuyenga mwa njira yomwe munaipeza nokha kufikira usanduke timibulu tating'ono kwambiri, tomwe mumapaka pa ma electrode (mbali ziwiri za m'kati mwa batire zimene moto umalowera ndi kutulukira) a batire yotchaja yoyatsira nyali za asodzi a usipa. Kenako mwakumana pa intaneti ndi patenti ya ku America yokamba za timibulu ta manganese oxide ta m'mabatire, ndipo mnzanu wakuopsezani kuti mumangidwa. Mukufunsanso ngati inuyo mungalembetse patenti yanu, komanso ngati kuli koyenera kuuza njira yanu munthu wa bizinesi wa ku Lilongwe amene akuti akufuna kuikapo ndalama.

Ndiyambe ndi nkhani ya kumangidwa, chifukwa ndi imene ikukusowetsani tulo. Patenti ndi ufulu umene dziko limapereka kwa wotulukira chinthu chatsopano kuti aletse ena kuchipanga, kuchigwiritsa ntchito, kuchigulitsa kapena kuchilowetsa m'dzikolo popanda chilolezo chake, ndipo mphamvu yake imathera m'malire a dziko limene laupereka. Patenti ya ku America siimanga munthu wa ku Mangochi. Kuti eni ake akuletseni kuno, ayenera kukhala atalembetsa chinthu chomwecho m'kaundula wa ma patenti a dziko lino, amene wakhala akusungidwa ndi ofesi ya Registrar General, kapena atadutsira ku bungwe la ARIPO la ku Harare, lomwe limalembetsa ma patenti m'malo mwa maiko angapo a mu Africa, n'kutchula Malawi pa maiko amene akufunako chitetezo, motsatira pangano la Harare Protocol la mu 1982. Ngakhale zitapezeka kuti analembetsadi, kuphwanya patenti ndi mlandu wa pakati pa inu ndi eni akewo, umene amakasuma okha ku Khoti Lalikulu kupempha chiletso kapena chipukuta misozi. Si mlandu woti apolisi akubwerereni kunyumba.

Chotero choyamba kuchita ndi kufufuza. Lembani nambala ya patentiyo, muilowetse pa masamba a pa intaneti ofufuzira ma patenti, Espacenet kapena Patentscope ya WIPO (bungwe la padziko lonse loona za umwini wa luso), omwe ndi aulere, ndipo muone maiko onse kumene pempho lomwelo linaperekedwa. Ma patenti a ARIPO amayamba ndi zilembo AP, a Malawi ndi MW. Popeza zimene zili pa intaneti nthawi zina zimatsalira m'mbuyo, mulembenso kalata ku ofesi yosunga kaundula wathu kupempha kuti akufufuzireni, ndipo yankho lawo mulisunge bwino. Muonenso tsiku limene pempholo linaperekedwa. Patenti ya ku America, monganso ya ARIPO, imakhala zaka 20 kuchokera pa tsikulo, ndipo imafa msanga ngati mwini wake waleka kulipira ndalama zoisungira. Patenti ikatha, chimene inkatetezacho chimakhala cha aliyense.

Pamenepa ndikufuna mumvetsetse mawerengedwe a patenti, chifukwa anthu ambiri amachita mantha ndi mutu wake wokha. Chimene chimamanga ndi ndime za kumapeto zokhala ndi manambala, zotchedwa claims, pomwe mwini wake amaika malire a munda wake. Palibe amene angakhale mwini wa manganese dioxide yense, popeza Georges Leclanché wa ku France anaigwiritsa kale ntchito m'batire mu 1866. Ndi chifukwa chake ma patenti a masiku ano a zinthu zotere amakhala opanikizika: amatchula kukula kwa timibulu, mwachitsanzo kuti tisapitirire ma nanomita akutiakuti, maonekedwe ake ngati ndi tozungulira kapena tonga timitengo, chitsulo china chosakanizamo, kutentha kwa ng'anjo, ngakhalenso chokutira cha kaboni. Nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a mita, ndipo zinthu zotchedwa nanomaterials nthawi zambiri zimakhala pakati pa nanomita 1 ndi 100. Kuchepako kumachulukitsa malo amene ufa umakhudzana ndi madzi a m'batire ndipo kumafupikitsa njira imene ma ion (tinthu tating'ono tonyamula mphamvu ya magetsi) amayenda, motero batire imalandira ndi kutulutsa moto mwachangu. Tengani claim yoyamba, muilembe mzere ndi mzere papepala, ndipo pambali pa mzere uliwonse mulembe ngati ufa wanu uli ndi chimenecho. Nthawi zambiri munthu amapezeka wolakwa pokhapokha chinthu chake chili ndi zonse zimene claim yatchula.

Funso lanu lachiwiri ndi limene lili ndi minga. Patenti ya kunja ija, ngakhale ilibe mphamvu yokuletsani kupanga, ili ndi mphamvu yokutsekerezani kulembetsa. Ku ARIPO amafuna kuti chinthu chikhale chatsopano padziko lonse, chikhale choti katswiri wa ntchitoyo sakanangochiganiza mosavuta, komanso chikhale chotheka kupangidwa n'kugwiritsidwa ntchito. Chilichonse chimene chinasindikizidwa kale kulikonse, m'chilankhulo chilichonse, chimawerengedwa pokutsutsani. Ndipo munda umenewu unalimidwa kwambiri: gulu la John Goodenough ku Oxford linaonetsa lithium cobalt oxide mu 1980, Michael Thackeray amene anachokera ku South Africa anagwira naye ntchito pa lithium manganese oxide zaka zochepa pambuyo pake, ndipo kuyambira pamene Sony inayamba kugulitsa mabatire a lithium-ion mu 1991, makampani akhala akulembetsa zambirimbiri. Ndikuuzeni mosabisa kuti sindikuona mwayi woti mutetezere ufawo pawokha. Pamene ndikuona mpata ndi pa kapangidwe kanu, kuyambira pa batire yotayidwa kufikira pa electrode, ngati muli sitepe imene palibe anailembapo ndipo ikupereka zotsatira zimene mungazionetse ndi manambala.

Apa mukufunika umboni umene maso sangapereke. Kuti ufa ukuoneka wosalala m'manja sizitsimikiza kuti timibulu take ndi ta ma nanomita. Pafunika kuyeza ndi makina a mu labotale. Mukalankhula ndi sukulu ya ukachenjede, monga MUST ku Thyolo kapena University of Malawi ku Zomba, kuti ikuthandizeni kuyeza kapena kukulozerani koyezera, pakhale kaye mgwirizano wolembedwa wosunga chinsinsi, umene unenenso kuti zotsatira zake ndi za ndani.

Mawu omwewo ndi amene ndikuyankha pa za munthu wa ku Lilongwe uja. Musamuuze kapangidwe, musamutumizire zithunzi za kope lanu pa WhatsApp, ndipo vidiyo imene mwati mukufuna kuika pa Facebook iyambe yadikira. Mukaulula nokha musanapereke pempho, kuululako kumasanduka umboni woti chinthucho si chatsopanonso, ndipo ku ARIPO chikhululuko chimene chilipo ndi cha miyezi 6 yokha, pa chionetsero chovomerezeka ndi boma basi. Mukhoza kumuonetsa nyali ikuyaka ndi kumuuza maola amene imakhala, koma za mkati azimve atasaina mgwirizano wa chinsinsi, ndipo chabwino koposa n'kuti azimve mutapereka kale pempho.

Kaperekedwe kake kali motere. Mumalemba chikalata chofotokoza chinthucho mokwanira kuti katswiri wina athe kuchipanga, pamodzi ndi ma claims, zojambula ndi chidule, n'kupereka kuno kapena ku ARIPO. Tsiku loperekalo ndi lofunika kwambiri, chifukwa pangano la Paris Convention limakupatsani miyezi 12 yoti mukapemphe m'maiko ena mukusunga tsiku lomwelo. Ngati mukufuna maiko ambiri, pempho limodzi la PCT, pangano la maiko lothandizana pa ma patenti limene Malawi alimo kuyambira 1978, limakupatsani miyezi 30 m'maiko ambiri kuti musankhe kumene mukalowe. Ku ARIPO ndi pa PCT pempho limasindikizidwa pakatha miyezi 18, kotero dziwani kuti patenti ndi kusinthana: mumapereka chinsinsi chanu kuti mulandire chitetezo cha nthawi yowerengeka. ARIPO imalembetsanso utility model, yomwe ili ngati patenti yaing'ono ya zaka 10, imene zofunika zake ndi zopepukirapo, ndipo ingagwirizane ndi kamangidwe ka batire ndi nyali yanu. Ma claims musalembe nokha. Alembe wodziwa ntchitoyo, chifukwa mawu amodzi olakwika amachepetsa chitetezo chonse.

Pali zinthu ziwiri zimene simunafunse koma ndiyenera kuzinena. Ngati munagwiritsa ntchito labotale, mankhwala kapena nthawi ya sukulu, olemba ntchito anu akhoza kunena kuti ali ndi gawo, choncho werengani mgwirizano wanu wa ntchito musanapite patali. Komanso patenti si chilolezo chogulitsira. Mabatire akale ndi zinyalala zoopsa, ndipo madzi otsukira ufawo asamatayidwe poti angayenderere kunyanja kumene asodzi omwewo amaponya chilimira. Musanayambe kupanga zambiri, mukaonane ndi a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, pa za chilolezo chosamalira zinyalala zotere motsatira lamulo la Environment Management Act la mu 2017, komanso a Malawi Bureau of Standards pa za muyezo wa batireyo.

Mukabwera ku ofesi mudzatenge nambala ya patenti ya ku America ija, kope lanu lolembamo zoyesa lili ndi masiku ake, mgwirizano wanu wa ntchito, ndi mauthenga onse amene mwalemberana ndi wa bizinesi uja, kuti tidzaone ngati pali chimene munamuuza kale.

Ndine wanu,
Loya wa za malonda ndi umwini wa luso