Chomwe chinagwetsa ankhondo a Chushi Gangdruk

Mwafunsa ngati anthu a ku Tibet anagwirapo mfuti polimbana ndi China, komanso chimene chinawalepheretsa. Inde, anamenya nkhondo kuyambira 1956 mpaka 1974.

Moto unabuka ku Kham, dera la kum'mawa kwa Tibet, boma la chikomyunizimu la China litayamba kulanda minda ndi mfuti za anthu. Ndege za China zinaphulitsa nyumba ya amonke ya Lithang. Mu June 1958, wamalonda Andrug Gompo Tashi anasonkhanitsa ankhondo apakavalo n'kukhazikitsa Chushi Gangdruk, gulu lomwe linateteza Dalai Lama, mtsogoleri wachipembedzo wa ku Tibet, pamene ankathawira ku India mu March 1959.

Kudalira CIA, bungwe la akazitape la America, ndiko kunawapweteka kwambiri. CIA inkaphunzitsa anyamata ku Camp Hale, Colorado, m'dziko la America, n'kumawaponyera mfuti ndi mawailesi pandege, koma zidazo zinali zochepa ndipo zinkafika mochedwa. Ankhondowo ankayendanso ndi mabanja ndi ziweto zawo m'magulu aakulu, pamtunda wopanda mitengo, choncho ndege za China zinkawaona msanga.

Atagonja ku Tibet, otsala anakamanga misasa ku Mustang, m'dziko la Nepal. America itayamba kugwirizana ndi Beijing, thandizo linauma. Mu 1974 Nepal inawalamula kutula zida, ndipo Dalai Lama anawatumizira uthenga wojambulidwa pa tepi wowapempha kuti amvere. Ena anadzipha chifukwa cha chisoni.