Kapuchi ndi ntchemberezandonda sizofanana ayi

Achimwene a ku Santhe mwafunsa kuti mbozi mwazipeza mkati mwa phesi lachimangazo ndi ntchemberezandonda zomwezi kapena ayi. Chithunzi chanucho ndachionetsetsa, mbozi yoyererako yamadontho akuda pamsana, ameneyo ndi kapuchi ndithu, ndipo kwa ine akuoneka ngati uja akatswiri amamutchula Chilo partellus.

Pajatu kapuchi si mmodzi. Dzina lachizungulo lili pawiri ngati dzina lamunthu ndi mfunda wake, Chilo ndiye mfundawo, ndipo amfunda umenewu ali m'banja lalikulu la Crambidae, tiagulugufe tausiku totuwa tija timakhala muudzu, mukamadutsa kudambo madzulo timabalalika kenako kukatera paphesi laudzu nkupinda mapiko kuti thinaa, osationanso. Kalekale akatswiri ankatiika pamodzi ndi banja la Pyralidae, anadzatipatula pambuyo pake. Chilo wathuyu kwawo ndi ku Asia, cha ku India uko, ndipo muno mu Africa anayamba kuonekera ku Malawi konkuno zaka za m'ma 1930. Amakonda malo otentha otsika ngati kunyanja ndi kuchigwa cha Shire koma akukwera pang'onopang'ono, nde musadabwe kumupeza ku Kasungu.

Kapuchi winayo ndi Busseola fusca, uyu nde wakwathu weniweni, amakonda kumtunda kozizirako. Chodabwitsa nchoti iyeyu ali banja limodzi ndi ntchemberezandonda zachilendozi, la Noctuidae, pomwe ndi kapuchi mnzake palibe chibale chapafupi, angofanana ntchito yoboola mapesi basi. Zachilendozo ndi Spodoptera frugiperda, zinachokera ku America nkufika mu Africa mu 2016, muziona ndi chilembo cha Y chozondoka pamutu komanso madontho anayi kumchira, ndipo zimasiya ndowe zambirimbiri ngati utuchi pansonga.

Nchifukwa chiyani ndikulimbikira zamaina? Ine chaka china ndinataya ndalama zamankhwala kupopera chimanga chofika kale mchiuno, kapuchi ali phee mkati mwa phesi, mankhwala osamufika nkomwe, mphepo itabwera chimanga chinangothyokathyoka ndipo zinandiwawa kwambiri. Kapuchi mumamupeza akadali wamng'ono pansonga, mukangoona timabowo tondandalika pamasamba ongotuluka kumene, akalowa mkati mwachedwa. Ndipo chilimwe chonse amagona m'mapesi omwe timawaunjika m'munda kapena kumangira mpanda aja, mvula ikagwa gulugufe nkutuluka kukaikira mazira pa chimanga chanu chatsopano.

Nde mapesi a munda umenewo adyetseni ng'ombe kapena apangireni manyowa awoleretu mvula isanagwe. Nsenjere m'mbali mwa munda imathandizanso, gulugufe amakonda kuikira pamenepo koma ana ake ambiri sakula. Mawa m'mawa ng'ambani mapesi angapo ofota pansonga, mbozi mupezezo muziike m'kabotolo mukawaonetse alangizi musanagule mankhwala alionse.