Mkamwini wanu sananame, kungoti agogo amafunsa zina

Achemwali, funso lanu ndaliona m'mawa koma ndimadikira ndiweruke kaye kuti ndiyankhe modekha. Mwati mwana wanu wabwera ndi mwamuna wa ku America, ndipo pa chinkhoswe agogo atamufunsa kuti ndi wa mtundu wanji, iye anangoti "American". Agogo sanakhutire, ati limenelo ndi dziko, mtundu ayi. Ndiye mukufunsa ngati anthu a ku America ndi mtundu paokha monga Achewa, Ayao kapena Alhomwe. Ndaonanso ena akuyankha kuti onsewo ndi azungu a ku England basi, ena akuti anthu osakanikirana chotero sangakhale mtundu. Mayankho awiriwa sindikugwirizana nawo.

Vuto loyamba lili m'chinenero chathu chomwechi. Mawu oti mtundu timawagwiritsa ntchito paliponse. Pulezidenti akamalankhula pa wailesi amati akulankhula ku mtundu wa a Malawi. Wa kalembera akafika pakhomo n'kufunsa mtundu, timayankha kuti Mtumbuka kapena Msena. Tikaona mzungu ndi mmwenye timatinso ndi anthu a mitundu ina. Ngakhale chitenje chili ndi mtundu. Ndiye agogo amafunsa za fuko, kumene kunachokera makolo, pomwe mkamwini anayankha za dziko lomwe lamupatsa pasipoti. Aliyense amanena zoona, koma amadutsana.

Pa malamulo nkhani yake ndi yosavuta. Kukhala "American" ndi unzika. Mu 1868, patangopita zaka zitatu ukapolo utathetsedwa, anawonjezera ndime m'malamulo oyendetsera dziko lawo yonena kuti wobadwira m'dzikomo ndi nzika. Wobadwira kwina akhozanso kulumbira n'kukhala nzika. Palibe mfumu kapena mwinimbumba amene amafunsidwa. Komatu sizinayambe chonchi. Lamulo la 1790 linkalola azungu okha, omwe sanali akapolo, kupempha unzika. Mu 1882 anatseka khomo kwa antchito ochokera ku China. Eni nthaka enieni, omwe azungu anawapeza pamalopo, anapatsidwa unzika onse mu 1924, tangoganizani. Khomo linatsegukira bwino anthu a ku Asia ndi ku Africa ndi lamulo la 1965. Choncho amene akuti kale mawuwa ankatanthauza mzungu sakulakwa kwenikweni, kungoti akunena za kale.

Tsopano kwa amene akuti anthu osakanikirana sangakhale mtundu, ndikufunseni za Angoni. Zwangendaba atawoloka Zambezi mu 1835, gulu lake silinali la magazi amodzi. M'njira monse ankatenga anthu, Athonga, Akaranga, Ansenga, kenako Atumbuka ndi Achewa, n'kuwalowetsa m'magulu a nkhondo ndi m'mabanja. Lero Mngoni wa kwa Gomani ku Ntcheu amalankhula Chichewa, wa kwa M'mbelwa ku Mzimba amalankhula Chitumbuka, koma mukamuuza kuti si Mngoni mukangana naye mpaka dzuwa kulowa. Mtundu umenewu unapangika anthu akuona, m'zaka zosakwana 100. Ndiye kusakanikirana pakokha sikuletsa anthu kukhala fuko. Chimene chinamanga Angoni n'chakuti wogwidwa dzulo ankakwatira kapena kukwatiwa momwemo, ana ake n'kukula akuvina ingoma, akudziwa mfumu yawo ndi mbiri imodzi ya ulendo wochokera kumwera.

Ku America zimenezi zinachitika mbali imodzi yokha. Azungu anasakanikiranadi. Angerezi anayamba kukhazikika ku Jamestown mu 1607, kenako kunabwera Majeremani, anthu a ku Ireland, ku Italy, ku Poland, Ayuda ndi ena ambiri. Pa doko la Ellis Island lokha ku New York panadutsa anthu oposa 12 miliyoni pakati pa 1892 ndi 1954. Poyamba ankanyozana kwambiri, makamaka Akatolika a ku Ireland ndi ku Italy ankaonedwa ngati anthu wamba, koma zidzukulu zawo zinakwatirana mpaka ambiri lero sadziwa n'komwe chinenero cha agogo awo. Koma mzere wa khungu anautchinga ndi lamulo. M'madera 16 a dzikolo ukwati wa mzungu ndi munthu wakuda unali mlandu mpaka 1967, pamene khoti lalikulu linagamula nkhani ya Richard ndi Mildred Loving a ku Virginia. Anthu omwe boma linkawaletsa kukwatirana mpaka chaka chomwe Malawi anakwanitsa zaka zitatu akudzilamulira, n'kovuta kunena kuti ndi fuko limodzi. Kuwonjezera apo alendo sanasiye kufika. Angoni anafika pena n'kukhazikika, pomwe ku America chaka chilichonse kukulowa anthu atsopano ochokera ku Mexico, India, Philippines, Nigeria ndi kwina, ali ndi zinenero zawo ndi zipembedzo zawo.

Boma lawo lomwe silitenga "American" ngati fuko. Kalembera wawo amachitika zaka 10 zilizonse kuyambira 1790, ndipo wa 2020 anapeza anthu 331 miliyoni. Pa fomu amafunsa ngati ndiwe mzungu, wakuda, wa ku Asia, wa mafuko a eni nthaka kapena wa kuzilumba za Pacific, ndipo anafunsanso padera ngati uli Hispanic, kutanthauza wochokera ku mabanja a maiko olankhula Chisipanishi. Chosangalatsa chili pa funso lina lomwe anayamba kufunsa mu 1980, lakuti makolo ako anachokera kuti. Ambiri amalemba Germany, Ireland, England, Mexico. Koma mu 2000 anthu oposa 20 miliyoni analemba "American" basi. Ambiri mwa iwo ndi azungu a kumapiri a Appalachia ndi madera a kumwera, monga Kentucky, Tennessee ndi West Virginia. Makolo awo anachokera ku England, Scotland ndi kumpoto kwa Ireland zaka 200 kapena 300 zapitazo, ndipo ulusi wolumikiza kwawoko unaduka kalekale. Munthu wotere ukamufunsa kwawo amaloza phiri lomwe anaikidwa agogo a agogo ake. Ineyo sindingamutsutse. Ngati mkamwini wanu ndi wa kumeneko, ndiye kuti anayankha funso la agogo ndendende, ndipo alibenso yankho lina loti angapereke.

Koma mukandifunsa kuti fuko lenileni lobadwira ku America ndi liti, ine ndiloza anthu akuda omwe makolo awo anali akapolo. Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ife timalakwitsa kawirikawiri. Ku Virginia anthu oyamba ochokera ku Africa anafikitsidwa mu 1619. Onse omwe anatsitsidwa m'zombo mwachindunji kudera lomwe lero ndi United States sanafike theka la miliyoni, ochepa kwambiri poyerekeza ndi omwe anapita ku Brazil ndi kuzilumba za Caribbean. Koma pofika 1860 akapolo anali pafupifupi 4 miliyoni, ambiri obadwira konko. Anachokera m'mafuko osiyanasiyana, Aigbo, Akongo, Amandinka, Awolofu ndi ena, ndipo ogula ankawamwaza m'minda mosasamala za ubale kapena chinenero. Mayina anawalanda. Virginia inakhazikitsa lamulo mu 1662 loti mwana azitsata mayi ake, osati mwaulemu ngati mmene ife Achewa timachitira, koma kuti mwana wa kapolo akhale kapolo ngakhale bambo ake atakhala mwini munda. M'mavuto amenewo munatuluka anthu atsopano okhala ndi mipingo yawo, kayimbidwe kawo, kaphikidwe kawo, kalankhulidwe kawo ka Chingerezi ndi mbiri imodzi yowawa imene onse amaidziwa. Si Aigbo, si Akongo, ndipo kwina kulikonse padziko kulibe kwawo kupatula America. M'mphepete mwa nyanja ku South Carolina ndi Georgia muli a Gullah, omwe mpaka lero ali ndi chinenero chawo chosakaniza Chingerezi ndi mawu a kumadzulo kwa Africa. N'chifukwa chake Mmalawi akapita kukakhala ku Indiana kapena ku Texas, pa fomu amalemba kuti ndi wakuda, koma amazindikira msanga kuti iye ndi mnzake wakuda wa konko si amodzi. Khungu n'lofanana, koma maliro amalira mosiyana, nthabwala n'zosiyana, ndipo zomwe zimamupweteka mnzakeyo iye amachita kuphunzira.

Eni nthaka nawo ali ndi mafuko awo, ndipo awa agogo angawamvetse msanga. Boma limavomereza mafuko oposa 570, monga Navajo ndi Cherokee, okhala ndi maboma awoawo, ena makhoti awo ndi zinenero zawo. Mnavajo amadzitchula ndi mfunda wa mayi ake poyamba, kenako wa bambo ake. Kulinso timagulu tina tomwe tinaumbika konko, monga a Cajun a ku Louisiana, zidzukulu za anthu olankhula Chifalansa omwe Angerezi anawathamangitsa kum'mawa kwa Canada kuyambira 1755. Kulinso a Amish, gulu la mpingo lochokera ku Ulaya, omwe mpaka pano amayenda pa ngolo za akavalo.

Pali malo amodzi pomwe kukhala wa ku America kunasandukadi fuko, ndipo ndi kuno ku Africa. Kuyambira 1822 anthu akuda omasuka ochokera ku America anayamba kukhazikika kugombe la kumadzulo, ndipo mu 1847 analengeza dziko la Liberia. Likulu lake Monrovia analitcha potengera dzina la pulezidenti James Monroe. Anthu amenewa ku America ankanyozedwa kuti ndi a ku Africa, koma atafika ku Africa anadziona kuti ndi a ku America. Ankavala zawo, kupemphera mwawo, kukwatirana okhaokha, ndipo ngakhale anali ochepa analamulira Akpelle, Abassa, Akru ndi mafuko ena mpaka 1980 pamene Samuel Doe analanda boma. Nkhaniyi imandiphunzitsa kuti anthu amadziwa kuti ndi amodzi akakhala pakati pa ena. Kwawo amadzigawa, uyu wa ku Ireland, uyu wakuda, uyu Hispanic, koma muwakumanitse pa lodge ku Cape Maclear muone. Mzungu wa ku Ohio, wakuda wa ku Atlanta ndi mtsikana yemwe makolo ake anachokera ku Korea amadziwana ndi mawu okha, n'kuyamba kukamba za mpira wawo wogwira ndi manja uja ndi nkhukundembo ya pa Thanksgiving, tsiku lawo lothokoza. Ife tikawaona timati ndi amodzi, ndipo pa chikhalidwe sitikulakwa. Ndi mmenenso Mtumbuka ndi Myao amasandukira abale akakumana ku Johannesburg.

Chimodzi chokha ndichenjeze. Mukamva wandale wa kumeneko akunena za "American weniweni" ngati fuko la magazi, tcherani khutu kuti akutulutsa ndani. Kawirikawiri amatanthauza mzungu wa makolo akale, ndipo amasiya kunja wakuda yemwe makolo ake anafika kale kuposa a azungu ambiri, amasiyanso Mnavajo yemwe onsewo anamupeza pamene ankabwera. N'chifukwa chake anthu ambiri a kumeneko safuna kuti mawuwa akhale dzina la fuko. Amafuna akhalebe a aliyense amene ali nzika. Ine pamenepa ndili nawo, ngakhale ndikumvetsa mzungu wa ku Kentucky uja yemwe alibe dzina lina.

Ndiye kwa agogo kafotokozeni kuti mkamwini anatchula dziko, monga mmene mdzukulu wawo angayankhire kuti "Mmalawi" atafunsidwa ku Chicago. Akafuna kudziwa fuko, funso likhale lakuti agogo ake a mnyamatayo anachokera kuti, ankapemphera mpingo wanji, ndipo pa Khirisimasi kunyumba kwawo amaphika chiyani. Mwina adzati Germany ndi Ireland, mwina adzati Mexico, mwina adzangoti makolo ake anali akapolo ku Alabama ndipo kupitirira apo mbiri inafufutika. Likakhala yankho lomalizali musamuumirize, si mwano. Za ana omwe adzabadwe agogo asade nkhawa. Akabadwira ku America boma la kumeneko lidzawalemba kuti ndi nzika zake, koma ngati kwanu ndi kwa chikamwini monga mwanenera, mbumba ndi ya kuchikazi, ndipo malume awo akudziwa kale kuti anawo ndi a mtundu wanji.