Musanagule chirauta chodula, tamverani kaye

Wina wandilembera imelo kuti ali ndi kandalama kochepa koma akufuna Wi-Fi izifika nyumba yonse, ndiye agule rauta iti? Funso limeneli landiwawa ndithu, osati chifukwa cha wondilemberayo ayi, koma landikumbutsa za alamu anga.

Alamuwo anauzidwa ndi wogulitsa wina kuti vuto ndi rauta yawo, basi anatulutsa ndalama nkugula chirauta chachikulu cha maeriyo ambirimbiri, kenako nkukachiika pansi kuseri kwa TV, pakona penipeni, moyandikana ndi firiji. Kuchipinda vidiyo imangozungulira osatseguka, iwo nkumatukwana kampani ya intaneti tsiku lililonse. Nditapita ndinangochinyamula nkuchiika pamwamba pa kabati chapakati pa nyumba, nkhani inathera pomwepo. Rauta yakale ija ikanagwiranso ntchito chimodzimodzi, koma zimenezo sindinawauze, ulemu.

Chomwe chimandinyansa nchakuti ogulitsa sanena kuti rauta siiwonjezera liwiro lomwe mukulipira. Ngati mumalipira 10 Mbps mupeza 10 yomweyo, kaya rautayo ndi ya ndalama zingati. Makoma a konkire ndi zitsulo ndi amene amadya siginolo, makamaka ya 5 GHz (rauta zambiri zimaulutsa Wi-Fi pa mafunde awiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz), yothamanga inde koma siipita patali. Ya 2.4 GHz imadutsako makoma koma imalimbana ndi microwave, Bluetooth komanso Wi-Fi ya aneba, nchifukwa chake ine ndimaiika pa tchanelo 1, 6 kapena 11 popeza atatuwa salowerana. Nanga tima repeater tomangobaya pasoketi tija, tolandira Wi-Fi nkuiulutsanso kuti ifike patali? Ine ayi, nditaye ndalama bwanji. Tima repeater timeneti timalandira ndi kutumiza pa wailesi imodzi yomweyo ndiye liwiro limatsika pafupifupi ndi theka.

Ndiye mugule chani?

Waya. Kebulo ya Cat5e imanyamula 1 Gbps (1,000 Mbps) mpaka mamita 100 ndipo siidula. Sunthani kaye rauta yomwe muli nayoyo ifike pakati ndi pamwamba. Chipinda china chikamavutabe, pezani rauta yakale, muzimitse DHCP yake (chogawira mafoni ndi makompyuta maadiresi a pa netiweki, otchedwa IP), muipatse IP ina yosafanana ndi ya yoyambayo, mulumikize marauta awiriwo ndi kebuloyo pa mabowo olembedwa LAN, dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi zikhale zomwezo. Pasiwedi ya admin (yolowera posintha makonzedwe a rauta) yomwe rautayo inabwera nayo musinthe lero lomwe, ndipo pa chitetezo cha Wi-Fi sankhani WPA2 kapena WPA3, WEP ija anthu anaithyola kalekale.