NO₂ ndi NO₂⁻: aphunzitsi ako sanakulakwire

Mtsikana wina wa Fomu 4 ku Kasungu wandilembera modandaula. Akuti pa mayeso a Chemistry analemba NO₂ pomwe pamafunika NO₂⁻, ndipo aphunzitsi anamuthetha. "Zilembo n'zomwezo, kodi imeneyi si nkhanza?"

Mwanawe, ndikumvetsa kuti zakupweteka, koma kuli bwino zachitika MSCE isanafike. Kamzere kali pamwambako kakuimira elekitironi imodzi yowonjezera, ndipo imodziyo ndi imene ikusiyanitsa zinthu ziwirizi.

Tiye tiwerenge limodzi. Nayitrojeni ili ndi maelekitironi 5 akunja, okosijeni iliyonse ili ndi 6. Mu NO₂, yomwe ndi nitrogen dioxide, onse pamodzi ndi 17. Nambalayi sigawika pawiri, choncho elekitironi imodzi imatsala yopanda inzake. N'chifukwa chake mpweyawu ukazizira, mamolekyu ake amagwirana awiriawiri n'kupanga N₂O₄, yomwe ilibe mtundu. NO₂ payokha ndi mpweya wofiirira, wowononga mapapo. Ndi uja umafuka mukatenthetsa lead nitrate mu labu, ndipo umapezekanso mu utsi wa magalimoto.

NO₂⁻, yomwe ndi nitrite, ili ndi maelekitironi akunja 18, onse ali awiriawiri. Iyi ndi ion, siuluka ngati mpweya. Imakhala mu mchere monga sodium nitrite kapena yosungunuka m'madzi. Oxidation number ya nayitrojeni mmenemu ndi +3, pomwe mu NO₂ ndi +4. Ngakhale kapindikidwe kake n'kosiyana: madigiri pafupifupi 115 mu nitrite, 134 mu mpweya uja.

Chimene ndikufuna usaiwale n'chakuti nitrite ili m'munda mwa makolo ako momwemo. Akathira urea m'chimanga, imasanduka ammonium. Mabakiteriya otchedwa Nitrosomonas amaisandutsa nitrite, kenako Nitrobacter amaisandutsa nitrate, NO₃⁻, imene mizu ya chimanga ndi fodya imayamwa. Zomwezi udzakumana nazonso mu Biology ndi Agriculture.

Ndipo pali ntchito pamenepa. Nitrite ikachuluka m'madzi akumwa, magazi a khanda amalephera kunyamula okosijeni bwino. Kuyeza madzi ndi nthaka kumafuna anthu osamala ngakhale pa kamzere kotere. Ngati zimakusangalatsa, funsa za maphunziro a nthaka ku LUANAR, ku Bunda, komanso za ntchito za mu labu ku Malawi Bureau of Standards kapena ku Central Region Water Board.

Sabata ino jambula dot and cross diagram ya NO₂ ndi ya NO₂⁻ pa tsamba limodzi, uwerenge maelekitironi wekha, kenako ukawaonetse aphunzitsi akowo.