Malo osungira gasi wogulitsa: yankho kwa wowerenga wa ku Nchalo

Wowerenga wina wa ku Nchalo walemba kuti: "Ndikufuna kuyamba kugulitsa gasi wophikira ndi wowotcherera zitsulo. Kuseri kwa golosale yanga kuli chipinda chokhomeka bwino, cha zenera limodzi m'mwamba. Kodi chingakwane?"

Bambo, chipindacho chisiyireni shuga ndi sopo. Gasi wophikira, wotchedwa LPG, amene ndi msanganizo wa propane ndi butane, amakhala wamadzimadzi m'silinda chifukwa chopanikizidwa, ndipo lita imodzi ikatuluka imasanduka mpweya wa malita pafupifupi 250. Mpweya umenewu ndi wolemera kuposa umene timapuma, choncho sukwera kukatulukira pazenera lanulo. Umayenderera pansi, n'kukadikha pakona kapena m'ngalande mpaka wina atayatsa machesi kapena swichi ya magetsi. Ukangofika magawo awiri pa 100 alionse a mpweya wa m'chipinda, moto ukhoza kubuka. Mangani khola la zitsulo panja, lofolera bwino, lopita mphepo mpaka pansi, ndipo masilinda aziima chilili, odzaza mbali yawo, opanda kanthu mbali yawonso.

Kutentha kwa kuchigwa cha Shire mu Okutobala mukukudziwa kuposa ine. Gasi wamadzimadzi amafufuma akatentha, n'chifukwa chake silinda imadzazidwa magawo pafupifupi 80 okha pa 100, kuti mpata wotsalawo uzimulandira. Kasitomala akamakuchondererani kuti "muikeko ya basela", mukaneni mwaulemu, mumuonetse kulemera kwa silinda yopanda kanthu kumene kunadindidwa pachitsulo, kenako muyeze pasikelo iye akuona. Gasi amagulitsidwa pa kilogalamu, motero valavu yotulutsa mpweya pang'onopang'ono imadya phindu lanu usiku wonse muli mtulo. Ipakeni thovu la sopo, ndipo ikachita timathovu tokula, silindayo ibwezeni kwa amene anakugulitsani.

Oxygen wa owotcherera zitsulo akhale kutali ndi LPG, ndipo girisi kapena oilo asakhudze valavu yake, chifukwa zimenezi zikakumana ndi oxygen wopanikizidwa zimatha kuyaka zokha.

Pa mpamba wanu, muyambe mwapatula ndalama za khola, sikelo yodalirika, chozimitsira moto cha ufa ndi layisensi ya bungwe la MERA, limene limayang'anira malonda a gasi m'Malawi. Zotsalazo ndizo mupikulire masilinda, ngakhale atakhala ochepa poyamba.